Munthu Amene Kamera Sinamuone

Usiku umene agogo anatisiya, malume anandiimbira foni kawiri. Ulendo woyamba unali wonena uthengawo. Patapita kanthawi anaimbanso, mawu atakhazikika ngati a munthu amene wayamba kale kuwerenga zofunika pamaliro. "Iwe ndiwe ukusunga zithunzi zaukwati zija," anatero. "Sankhapo chimodzi chimene mayi akuoneka bwino, tikachikulitse mawa, chidzakhale patsogolo pa bokosi." Ndinavomera mosaganiza kawiri. Pa zonse zimene zinkandizunguza usiku umenewo, iyi yokha ndi imene ndinkaiona ngati yapafupi, chifukwa m'kabati munali fulashi yokhala ndi zithunzi 1,260 ndi vidiyo ya maola awiri ndi theka. Ndinayala mkeka pabalaza, n'kuyatsa laputopu, n'kuyamba kudina chimodzichimodzi. Ndinapeza nsapato zanga zitajambulidwa mbali zinayi, mphete zitagonekedwa pa Baibulo lotsegula, keke ali chiimire asanadulidwe, velo likuuluzika ndi mphepo ya m'phiri. Tambala woyamba analira ndikadali pomwepo. Agogo ndinawapeza pa zithunzi zitatu. Pa china pankangooneka nsonga ya duku lawo kuseri kwa phewa la munthu wina. Pa china panali chigongono chawo, chimene ndinachizindikira ndi chipsera cha moto cha kalekale. Pa chachitatu anali kumbuyo ndithu, nkhope ili mbuu ngati ya munthu woonekera m'nkhungu, poti kamera inali italunjika pa maluwa amene ndinanyamula.

Papita miyezi tsopano, koma maganizo anga sakuchoka pa mkeka uja. Agogo amenewa ndi amene anandilera kuyambira ndili sitandade 2 mpaka ndinapita ku sekondale, nthawi imene amayi ankagwira ntchito kutali. Ku ukwatiwo anabwera kudakali masiku awiri, kuchokera kwathu ku Jali, atanyamula thumba la mpunga wa ku Chilwa ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. M'tchalitchi anakhala pa benchi yachiwiri, kumbuyo kwenikweni kwa amayi. Paperekaniperekani anaimirira ndi ndodo yawo, n'kuvina pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, akuponya timakwacha tawo tokwinyika kamodzikamodzi kuti nyimbo isawathere panjira. Anthu onse anawaona. Kamera zitatu zimene tinalipira, ndi kandege kojambula kamene kankalira pamwamba pathu ngati njuchi, sizinawaone.

Ndimabwerera kawirikawiri ku tsiku limene tinakumana ndi wojambulayo. Tinamupeza monga mmene ambiri amapezera masiku ano, pa Facebook ndi pa Instagram, pomwe munthu amaikapo zithunzi khumi zosankhika pa ukwati uliwonse umene wagwira. Ndinali nditaziyang'ana kwa milungu ingapo mpaka kuziloweza: akwati atagwirana manja dzuwa likulowa, diresi litayalidwa pa udzu, thambo lofiirira. Tinakhala naye pansi mu Okutobala 2023, ine ndi amene tsopano ndi amuna anga, pamodzi ndi msungichuma wa komiti yaukwati. Mafunso tinali nawo ambiri, ndipo sanali opanda pake. Mubwera anthu angati? Muyamba nthawi yanji, muweruka nthawi yanji? Magetsi akazima kuholo muli ndi nyali zanu? Alubamu ikhala ya masamba angati, ndipo tidzailandira liti? Tinalemberana pepala, tinatumiza theka la ndalama pafoni ngati dipoziti. Mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo anatiimbira mwaulemu kuti mtengo wa alubamu sungakhalenso womwe uja, poti mapepala ndi inki zimachokera kunja. Tinakambirana masiku atatu za nkhani imeneyi, komiti inakumana kawiri. Mphamvu zonsezo tinathera pa mtengo. Pomaliza pa kukumana koyamba kuja, iye akutseka kabuku kake, anandifunsa kuti, "Achemwali, pali china choti ndidziwe?" Ndinayankha kuti, "Ayi achimwene, mungoonetsetsa kuti zituluke ngati zija za pa peji yanu." Anachita zomwezo, ndipo anazichita bwino.

Pakhomo pa tchalitchi ndi pamene nkhani inapotokera, ngakhale palibe amene anadziwa. Tinatuluka mochedwa, ndipo akwati ena anali atafika kale, magalimoto awo ali pamzere akudikira kuti alowe. Wojambula anayamba kuitana mofulumira: aperekezi, makolo a mkwati, makolo a mkwatibwi, ankhoswe. Atati "makolo", anapita amayi ndi abambo. Kwa iye mawuwo anathera pomwepo, ndipo kwa ine, amene ndinali ndi velo kumaso ndi nsapato zothina, sindinaganize zotembenuka. Ndinamva pambuyo pake kuti agogo anali atakhala pa khonde la kuseri, pamthunzi, akupumitsa bondo lawo, akudikira kuti wina awaitane. Munthu wamkulu sadzithamangitsa kukaima pa chithunzi. Amadikira ana ake amutenge. Komanso abale onse a mbali yathu anali atavala chitenje chimodzi chimene tinasankha, chobiriwira cha maluwa achikasu, moti kwa mlendo agogo anali mmodzi chabe mwa amayi makumi anayi ovala zofanana. Kuchoka apo tinakwera galimoto kupita ku Botanical Gardens, kunsi kwa phiri la Zomba, ndipo tinakhalako pafupifupi maola awiri, ife ndi aperekezi okhaokha, tikuima pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, tikutembenuka uku ndi uku. Zithunzi za kumeneko zilipo zoposa 300. Nthawi yonseyo akuluakulu anali kuholo, atakhala pa mipando yapulasitiki, akutidikira.

Kunyumba kwa makolo anga kuli chithunzi chimodzi cha ukwati wawo wa mu 1987. Chimodzi basi, chopachikidwa pamwamba pa chitseko cha kuchipinda, m'mbali mwake mutayamba kuchita chikasu. Amayi amati anajambula ndi bambo wina amene ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kamera ili m'kachikwama kachikopa pachifuwa. Filimu yake inkatha ikakwana zithunzi 36, ndipo sankapita kukatsukitsa mpaka itadzaza, choncho munthu unkadikira milungu, nthawi zina mwezi, usakudziwa ngati chako chituluke kapena adzakuuze kuti chapsa. Chifukwa cha zimenezi chithunzi sichinkajambulidwa mwachisawawa. Amayi amakumbukira kuti bamboyo anaimika njinga yake, n'kufunsa kuti, "Eni ake a mbumba ndi ati pano?" Ndiye akuluakulu anayamba kusanja anthu: uyu akhale pampando, uyu aime kumbuyo kwa mlongo wake, itanani a malume ali kuseriko, dikirani kaye agogo akusamba m'manja. Pa chithunzicho pali anthu 19, palibe amene akumwetulira, ena atsinzina chifukwa cha dzuwa. Koma ndikachiyang'ana ndimatha kuwerenga mtundu wathu wonse monga unaliri chaka chimenecho, ndi yemwe ankakhala pafupi ndi yani. Agogo ali pakati, pampando, ali ndi zaka zocheperapo kuposa zimene amayi ali nazo lero.

Poyamba ndinkadziuza kuti kale zinthu zinali bwino, koma ndikaganizitsa ndimaona kuti ndikudzinamiza pang'ono. Amayi amadandaula mpaka lero kuti alibe chithunzi chawo ali okha atavala diresi, ndipo maukwati ambiri a nthawi imeneyo sanasiye ngakhale chimodzi. Chimene chinalipo n'chakuti kuchepa kwa filimu kunkakakamiza anthu kufunsana kuti wofunika ndani asanadine. Kakhadi ka m'kamera ya lero kamanyamula zithunzi masauzande, ndiye funsolo silibweranso lokha. Tonse, ine ndi komiti ndi wojambula, tinangokhulupirira kuti pa zithunzi zochuluka chonchi aliyense apezekamo.

Mkwiyo wanga unayamba wagwera pa mnyamatayo. Kutacha ndinamuimbira, ndikunjenjemera, kumufunsa ngati ali ndi zina zimene sanatipatse. Ndinkadziwa kuti ojambula amasankha, amataya zogwedezeka ndi zobwerezabwereza, ndipo ndinkayembekeza kuti mwa zotayidwazo agogo alimo. Anandipepesa za malirowo kaye, kenaka anandiuza kuti makhadi amawafufuta sabata iliyonse kuti akagwirire ukwati wotsatira, ndipo zosakonza amazisunga pa kompyuta miyezi itatu yokha, chifukwa zimadya malo ambiri, makamaka za vidiyo. "Zinalembedwa pa pepala lija, achemwali, munsi mwa mtengo." Ndinakalitenga. Zinalembedwadi, ndipo siginecha yanga inali pansi pake. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa kuti, "Anali ati agogowo?" Ndinayesa kuwafotokoza, aafupi, a ndodo, a duku. Sanawakumbuke, ndipo sindikuona mmene akanawakumbukirira. Loweruka lililonse amakhala pa ukwati wina, kuyambira 5 koloko m'mawa kumene akwatibwi akudzikonzera mpaka usiku holo itatsekedwa, pakati pa anthu mazana amene sakuwadziwa ndi mmodzi yemwe. Amaona kuwala, amaona mitundu, amadziwa kumene mkwatibwi ayang'ane kuti nkhope iwale. Ubale sauona, chifukwa suoneka pa nkhope. Ndipo diso lakelo tinaliphunzitsa ndife, makasitomala ake, amene timathamangira kuyamikira chithunzi cha velo ndi dzuwa koma cha nkhalamba zitakhala pamzere timangochidutsa.

Vidiyo ndi imene inandipweteka mwanjira ina. Agogo anali ndi nthungululu yodziwika mudzi wonse, yakuthwa, yotalika, yomaliza ndi kakugwedera kumapeto. Ndikukumbukira bwinobwino kuti abusa atangonena kuti tsopano ndife banja, inamveka kumbuyo kwanga, ndipo ndinaizindikira pakati pa zina zonse. Ndinathamangitsa vidiyo mpaka pamalo amenewo. Pakamwa pa amayi ambiri pali potsegula, manja ali m'mwamba, koma chimene chikumveka ndi nyimbo yachikondi yachizungu imene okonza anaikapo pamwamba, phokoso lenileni la m'tchalitchi atalichotsa. Ndi mmene ambiri amakonzera, ndipo nthawi yoyamba imene tinaionera ndinaikonda, ndinati ikuoneka ngati filimu. Sindinazindikire kuti pali chimene chasowa mpaka tsiku limene ndinachifuna. Kwaya yathu, malumbiro, mawu a ankhoswe, kuseka kwa anthu pamene MC anatchula dzina la mudzi wathu molakwika, zonsezo zinajambulidwa ndithu tsiku lija, zinakhala pa kompyuta miyezi itatu, kenaka zinafufutidwa ine ndili phee kunyumba, ndikutumiza zithunzi za velo pa WhatsApp.

Ndinanyamuka kupita kumaliro ndili chimanjamanja. Malume anali ataganiza kale zokakulitsa kachithunzi ka pa chiphaso cha unzika chimene agogo anajambulitsa mu 2017, kooneka ngati munthu wodzidzimuka. Tili m'nyumba ya siwa, amayi aang'ono anandikoka pambali, n'kumasula kathumba kapulasitiki kamene anasunga m'Baibulo lawo. Munali chithunzi. Agogo ataima pakhomo la holo, chitenje chobiriwira chija chitamangidwa bwino, ndodo ili kudzanja lamanja, chibwano atachikweza pang'ono, akuyang'ana kamera mwachindunji ndi kankhope kawo kaja kobisa kuseka. Kumbuyo kukuoneka khoma lopanda penti ndi theka la galimoto ya munthu. Mitundu yake ndi yowala mopitirira, ndipo mbali ina ya mutu yatsala pang'ono kudulidwa. Koma ndi iwowo, ndendende monga analiri tsiku lija.

Anajambula ndi mmodzi wa anyamata aja amene amabwera pa maukwati osaitanidwa, amene amajambula alendo akamalowa, n'kuthamanga kukatsukitsa m'tauni, n'kubwera kudzaziyala pakhonde kuti aliyense adzipeze yekha n'kugula. Ife tinali titauza komiti kuti anthu amenewa asaloledwe kulowa, chifukwa pepala lathu linkati wojambula ndi mmodzi yekha, komanso ndinkaona ngati amadetsa malo. Anawaletsadi kulowa, ndiye anangoima panja pa geti. Amayi aang'ono amati mnyamatayo anawayandikira n'kunena kuti, "Agogo, mwatchena, ndikujambuleni?" Agogo anapereka chikwama chawo kwa amayi aang'ono, anakonza duku, anaima chilili. Madzulo amayi aang'ono anachipeza pakhonde pakati pa zina n'kuchigula ndi ndalama yosakwana ya sopo wochapira. Sindikufuna kumusandutsa mngelo mnyamatayo. Nayenso sankawadziwa agogo, ndipo chimene ankafuna ndi ndalama, monga mmene ankafunira mnzake amene tinamulemba ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iye aliyense wolowa pageti anali munthu woti angafune kudziona, pamene wathuyo tinamutuma kuti aone ife awiri. Chithunzi chimenecho ndi chimene chinatsogolera bokosi, atachinyamula mdzukulu wamng'ono, amayi a Mvano akuimba pambuyo.

Sindikunena kuti ndalama zija zinapita m'madzi. Pali chithunzi cha abambo akuvina, taye ili paphewa, chimene sindingachisinthanitse ndi chilichonse, ndipo munthu wosadziwa ntchito sakanachigwira, chifukwa muholo munali mdima ndipo iwo sanaime malo amodzi. Pali china cha amuna anga akupukuta misozi mobisa, chimene ine sindikanachiona ndi maso anga. Luso ndi luso, ndipo liyenera kulipidwa. Chimene chimandivuta ndi kudzifunsa kuti ndinkafuna chiyani kwenikweni pamene ndinkati zituluke ngati za pa peji. Ndikadziyankha moona, ndinkafuna kuti anzanga a kuntchito ndi a kusukulu, ngakhale amene sindinawaitane, aone kuti nanenso ndafika. Ndinkakonzera maso a anthu akutali, anthu oti anayang'ana kamphindi n'kupitirira. Za ana anga amene adzafunse kuti amene anakulerani anali wotani, sindinaziganizeko. Ndipo pa tsikulo ndinamvera kamera kuposa wina aliyense. Tinabwereza kuvekana mphete panja kuti kuwala kukhale bwino, tinayenda kanjira kamodzi katatu. Mwinanso n'chifukwa chake zambiri za masana aja sindizikumbuka. Ndinali nditasiyira wina ntchito yokumbuka, ine n'kumangoyang'ana kumene akundilozera.

Komabe ndikafika apa maganizo amabwereranso mbali ina. Chimene ndimakumbukira kwambiri za agogo pa ukwatiwo sichikanajambulidwa ngakhale ndikanalemba ojambula khumi. Usiku woti mawa ndi ukwati, iwo ndi amayi ena awiri achikulire anandilowetsa m'chipinda n'kutseka chitseko kuti andilangize. Zimene zinanenedwa m'menemo ndi za m'menemo. Atamaliza, ena aja atatuluka, agogo anandigwira tsaya ndi dzanja lawo lokhakhala, lonunkhira utsi ndi mafuta odzola, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ukapite bwino, koma njira ya kwanu usaiiwale." Palibe kamera imene inalipo, ndipo sindikanafuna kuti ikhalepo. Ndiye nthawi zina ndimadzifunsa ngati kulira kwanga pa zithunzi si njira chabe yolirira iwowo, ngati ndikanakhala ndi zithunzi zawo 50 ndikanapeza china chodandaula. N'kutheka. Koma ndikudziwanso kuti dzanja lija ndimalikumbuka ine ndekha, ndipo ndidzapita nalo. Chithunzi ndi cha amene sanawaone. Mwana amene ndikuyembekezera panopa sadzamva nthungululu ija, ndipo akanatha kuimva.

Mng'ono wanga akukwatiwa mu Ogasiti. Atandipempha kuti ndimuperekeze kukakumana ndi wojambula, ndinapita ndi mafunso ena amene ine sindinafunse. Ndinamupempha atisonyeze ukwati umodzi wathunthu, kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza, osati khumi zosankhika zija, ndipo ndinkayang'ana ngati muli nkhalamba, ana, ndi amayi ophika kuseri kwa holo. Ndinapempha kuti kuwonjezera pa vidiyo yokonzedwa atipatsenso yosakonza, ya mawu ake enieni, pa hadi diraivi imene tigule tokha, ndipo zimenezi zalembedwa pa pepala. Tagwirizana kuti chithunzi cha akuluakulu chijambulidwe choyamba, pakhomo pa tchalitchi, akwati asanapite kulikonse, ndipo mipando iwiri ikhale itakonzedwa kale ya amene sangathe kuima. Mnyamatayo sanakane chilichonse. Anati ndi anthu ochepa amene amamuuza zimenezi, ndipo zimamupeputsira ntchito.

Ine sindidzakhala pa mzere wa aperekezi tsiku limenelo. Ndamuuza mng'ono wanga kuti ntchito yanga ndi kuyenda pambali pa wojambula, kumukodola ndi kumulozera kuti awa ndi awa. Ndayamba kale kulemba mayina pa pepala, mbali yathu ndi ya kuchimuna, ndipo ndikuimbira akuluakulu kuti andikumbutse amene ndawaiwala. Pakadali pano mayina afika 23. Loyamba ndi la mchemwali wawo wa agogo, amene atsala okha pa ana a m'mimba imodzi, ndipo avomera kuti abwera kuchokera ku Jali.